Fanuwelo Sanatuluke pa Seva

Sonkhezerani chikuni icho kaye, nkhani iyi sikoma kuimva msana uli pachisanu. Inachitika pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo mwini nkhaniyo akadali moyo, choncho dzina la esitetiyo musandifunse.

Pa esitetipo panali mayi wina dzina lake Elube, amene ankayang'anira makompyuta onse. Kuseri kwa ofesi yaikulu kunali kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati m'firiji, ndipo m'menemo munkakhala kompyuta yaikulu imene amati seva. Mabuku onse a pa esiteti ankasungidwa mu sevamo: a ku kiliniki, a ku fakitale, a mvula, onse. Wofuna kulemba m'mabukumo sankachita kuyenda mpaka ku kachipindako ayi. Ankakhala pa kompyuta yake komwe aliko, n'kulemba dzina ndi pasiwedi, basi walowa, n'kumagwira ntchito ngati wakhala pamaso pa sevayo. Koma sevayo inali yakale, inkalola anthu awiri okha nthawi imodzi. Anthu ankangoti ili ndi mipando iwiri. Awiri akakhala, wachitatu ankadikira.

Tsono pochoka pali njira ziwiri, ndipo apa tcherani khutu. Yoyamba ndi kutuluka. Umatseka mabuku ako, n'kuiuza seva kuti ndapita, iyo n'kufufuta dzina lako, mpando n'kutsalira wina. Yachiwiri ndi kungodula. Umadina kamtanda kali pakona, chithunzi n'kuzima kwa iweyo, koma uko ku seva zonse zimatsala mmene wazisiyira, buku lili chitsegukire, dzina lako lili pampando. Kuli ngati kuchoka pakhomo pa eni osatsanzika, utasiya chipewa pampando kuti anthu adziwe kuti ukubweranso.

Katswiri wa kudula pa esiteti yonse anali mwamuna wake wa Elube yemweyo, Fanuwelo Mulepa. Iye ndiye anali mlembi wa mvula. M'mawa uliwonse cha m'ma 6 koloko ankavala jasi lake lachikasu ndi jombo zake, n'kupita kuseri kwa nazale kumene kunali chitini choyezera mvula. Ankathira madziwo m'kagalasi ka mizeremizere, n'kuwerenga atatsinzina diso limodzi, n'kuwataya. Kenako ankalowa m'kaofesi kake ka ku nazale komweko, n'kutsegula buku la mvula pa seva, n'kulemba mamilimita a tsikulo. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali malo a ndemanga, ndipo iye sankawasiya opanda kanthu: "yowaza," "ya mkuntho," "chiperoni tsiku lonse." Akamaliza, chala pa kamtanda, uyo wapita.

"Bambo, mwasiyanso chipewa pampando," ankatero Elube pa foni, pafupifupi tsiku lililonse.

"Iii, mayi, nanga nditsanzikirenji poti mawa ndibweranso?"

"Anzanu akhale pati?"

"Nanga inuyo ntchito yanu n'chiyani? Nditulutseni."

Ndipo Elube ankamutulutsadi, paja woyang'anira seva ali ndi mphamvu yochotsa dzina la aliyense pampando. Ankadina kwinaku akutsonya, madzulo n'kukapitiriza mkanganowo kunyumba. Zaka zisanu ndi zinayi za ukwati, mkangano wawo waukulu unali umenewo, ndiye mutha kuona nokha kuti linali banja lotani.

Chaka chimenecho, mwezi wa Malichi, mvula inagwa masiku asanu osapumira. Lachiwiri m'mawa Fanuwelo analemba mamilimita ake, n'kudula monga mwa masiku onse, n'kuliza njinga yamoto kuti akaone amayi ake okalamba tsidya lina la kamtsinje. Kamtsinje kameneko masiku ena onse anthu amadumpha osavula nsapato. Tsiku limenelo napolo anatsika m'phiri, madzi, miyala ndi mitengo zonse pamodzi, ndipo amene anamva amati nthaka inkachita kunjenjemera. Njinga ija anaipeza patapita masiku atatu, itakwiririka m'matope mpaka chiwongolero. Chakumunsi anatolako jombo imodzi. Munthuyo sanamupeze.

Elube sanalire. Ndikunena zoona, ngakhale dontho. Amayi a mu mpingo anabwera n'kukhala naye pamphasa, akuimba, akulira iwowo, iye ali duu, maso ali kukhoma. Akamupatsa chakudya ankadya, akamuuza kuti akasambe ankakasamba. M'kati mwake munali zii, ngati dzanzi la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, koma dzanzi la thupi lonse. Anthu anayamba kunong'onezana, nanga pakamwa pa anthu ungapatseke? Iye sankamva n'komwe.

Patatha milungu iwiri, anthu atatopa ndi kufukula matope, kunabwera a Wayisoni, achimwene ake aakulu a Fanuwelo. Anakhala pakhonde, manja ali pakati pa mawondo.

"Alamu, tafunafuna, talephera," anatero. "Kwathu kuno zikatere timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu ngati munthu, n'kukaliika kumanda. Timatero kuti maliro alirike, nayenso adziwe pogona. Akuluakulu agwirizana kale. Tikungodikira mawu anu, poti sitingalengeze maliro a mwamuna mkazi wake asanavomere."

"Mwamupeza?" anafunsa Elube.

"Ayi, alamu, n'chifukwa chake ndikuti..."

"Mukamupeza mundiuze."

Sanakalipe ayi. Ananena ngati akuuza munthu kuti kunja kwacha. A Wayisoni anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsanzika n'kumapita.

Lolemba lotsatira Elube anabwerera kuntchito, anthu ali kukamwa yasa. Analowa m'kachipinda kozizira kaja, n'kutsegula mndandanda wa anthu amene ali pa seva, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Mndandandawo umaonetsa dzina la munthu, ngati ali m'kati kapena wangodula, kompyuta imene walowera, ndi nthawi imene wakhala osakhudza kanthu. Pamwamba penipeni panali dzina la Fanuwelo. Wangodula. Masiku makumi awiri osakhudza kanthu. Tsiku la napolo lija palibe amene anaganizako za seva, choncho palibe amene anamutulutsa.

Dzanja linapita lokha, pozolowera zaka zonse zija. Kamuvi ka pa kompyuta kanafika pa mawu otulutsa munthu, n'kuima pomwepo. Elube anayang'ana dzinalo mpaka zala zake zinazizira, ndipo anabweza dzanja n'kuliika pamwendo.

Kuyambira tsiku limenelo esiteti yonse inatsala ndi mpando umodzi. Woyamba kudandaula anali mayi Nakhumwa, mlembi wa ku kiliniki, munthu wa mtima wabwino koma wosabisa mawu.

"Mayi Mulepa, seva ikundikana, akuti mipando yadzaza. Kuno amayi a sikelo ali ndaa pakhonde."

"Dikirani pang'ono, a ku fakitale atuluka posachedwa."

"Nanga mpando winawo wakhalapo ndani?"

Elube anangoyang'ana dzina lija pa mndandanda. Mayi Nakhumwa anazindikira, ndipo anati, "Chabwino, ndidikira," n'kudula foni. Pofika masana aliyense pa esiteti anali atadziwa amene wakhala pa mpando winawo, ndipo palibe anafunsanso. Elube analemba ndondomeko papepala, kiliniki m'mawa, fakitale masana, ena onse madzulo, anthu n'kumaitsatira mwakachetechete ngati mmene timalambalalira munthu wogona m'njira.

Chodabwitsa choyamba chinali chaching'ono, choti wina sakanachiona n'komwe. M'mawa wina Elube atatsegula mndandanda, pamalo a nthawi yosakhudza kanthu sipanalembedwe masiku ayi. Panalembedwa ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Anayang'ana wotchi yakukhoma, 8 koloko. Ndiye kuti 6 koloko itangopitirira pang'ono, wina anali atakhala pa mpando wa Fanuwelo n'kukhudza kanthu. Anayang'ana pamalo oonetsa kompyuta imene munthuyo walowera, koma panalibe dzina lililonse, panali poyera.

Anaganiza monga munthu wa ntchito yake, kuti mwina wina akudziwa pasiwedi. Anatenga kiyi wapadera n'kutsetsereka kupita ku nazale. Kaofesi kaja kanali chitsekere, loko wachita dzimbiri. M'kati, kompyuta ya Fanuwelo inali pamwamba pa kabati pamene anthu anaikweza pothawitsa madzi, chingwe chake chili chokulunga, fumbi lili mbuu. Anatseka n'kubwerera. Mawa lake zinali chimodzimodzi, ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Mkuja wakenso chimodzimodzi. Kusintha pasiwedi ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo Elube ankadziwa bwino lomwe, koma sanaisinthe.

Ntchito ya mvula inali itaperekedwa kwa a Likoswe, kapitawo wa ku nazale, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Iwo ankalemba m'kope wamba, zamakompyuta ankati n'za ana. Tsiku lina anaima pakhomo pa ofesi ya Elube akukanda kumutu.

"Mayi, ine ntchito mwandipatsayi yandikanika. Kagalasi koyezera kaja kanasowa pa msomali pake, ndinachita kukabwereka kena ku fakitale. Ndiye usiku mvula imagwa, denga kuchita kulira, koma ndikafika 7 koloko chitini chili gwa, mulibe ndi dontho lomwe. Pambali pake pali ponyowa, ngati munthu wangotaya kumene."

"Chabooka kapena?"

"Ndinathiramo madzi ndekha, anakhala tsiku lonse. Sichinabooke, mayi."

"Muzipita m'mawa kwambiri."

A Likoswe anayang'ana pansi. "Sindingapite 6 koloko ine," anatero motsitsa mawu. "Amayi othyola tiyi akuti nthawi imeneyo mumakhala munthu m'nkhungumo. Wa jasi lachikasu. Amachokera ku chitini kuja kulowera ku nazale. Akamupatsa moni sayankha, nkhope saiona, ndipo akuti akamadutsa m'mizere tiyi sagwedezeka. Ena asiya kuthyola mbali imeneyo."

"Majasi achikasu ndi ambiri pa esiteti pano, a Likoswe."

"Eya, mayi, ndi ambiri," anavomera a Likoswe, n'kutuluka chafutambuyo.

Mukuganiza kuti Elube anachita mantha? Ayi ndithu. Mantha amafuna munthu amene mtima wake ukugwira ntchito. Iye anangomva ngati amuuza nkhani ya kudera lina, n'kupitiriza kukonza makina osindikizira makalata amene anali pa tebulo lake.

Patapita masiku ena mtengo unagwera pa mawaya a magetsi, jenereta nayo n'kukana kulira. Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Mabatire a seva anagwira maola anayi, kenako analira kawiri n'kutha, ndipo sevayo inazima. Tsono aliyense wodziwa zinthu zimenezi akuuzani kuti seva ikazima, mipando yonse imakutumuka. Wotuluka ndi wongodula amafanana, palibe dzina limene limatsala. Elube anakhala mumdima wa kachipindako, akumva chete amene anali asanamumvepo m'menemo, ndipo mumtima anangoti, "Ndiye zathera pamenepa." Anadikira kuti amve kuwawa, koma sikunabwere.

Magetsi anayaka cha m'ma 3 koloko masana. Mayi Nakhumwa anali atakwera kuchokera ku kiliniki kudzafunsa ngati zitheke tsiku limenelo, ndipo anaima kumbuyo kwa Elube pamene ankayatsa sevayo.

"Mwina Mulungu wakuchitirani zimene zimakuvutani kuchita nokha," anatero mofatsa, dzanja lili paphewa la mnzakeyo.

Seva inalira, magetsi ake aang'onoang'ono n'kuyamba kuphethira. Elube anatsegula mndandanda. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anali atalowa, poti ngakhale makompyuta a m'maofesi anali asanayatsidwe. Koma pamwamba penipeni dzina lija linalipo. Wangodula.

Dzanja la mayi Nakhumwa linachoka paphewa paja pang'onopang'ono. "Mayi Mulepa," ananong'ona, "kodi fungo ili mukulimva?"

Linali fungo la matope a kumtsinje, a pansi penipeni aja, akuda. M'kachipinda kopanda zenera, kokolopedwa tsiku lililonse. Mayi Nakhumwa anatuluka osatsanzika, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani zawo zonse ankakambira pa foni.

Apa ndiye ndinene chimene anthu ambiri samvetsa. Elube ataona dzinalo, kanthu kena kanagwedezeka m'chifuwa mwake, kakang'ono, koyamba chichitikire ngozi ija, ndipo kanthu kameneko kanali chimwemwe. Anayamba kudyera m'kachipindamo chakudya chamasana, atafunda juzi. Sankalankhula, sankapemphera. Ankangokhala, iye pampando wake, dzina lija pampando wake, ngati anthu awiri okwatirana kalekale amene nkhani zinawathera. Kulowa pa mpando wa Fanuwelo kuti aone zimene zili m'katimo akanatha, poti pasiwediyo anamupangira ndi iye yemwe. Koma sankafuna. Kudziwa kuti alipo kunkamukwanira.

Tsiku la makumi anayi ndi chiwiri chichitikire ngozi ija, a Wayisoni anamudikirira Elube pamsewu poweruka. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera.

"Alamu, amayi asiya kudya. Akuti sangameze kanthu mwana wawo ali panja pamvula."

"Pepani."

"Pepani yekhayo?" anatero a Wayisoni. "Simuli nokha amene mwataya munthu, alamu. Njinga imene ija ndinamuphunzitsa kukwera ndine. Tonse mwatiimika panjira, kulira sitikulira, kukhala sitikukhala. Ndamva zimene akunena anthu za ku nazale. Ngati n'zoona, inu mukuona ngati iyeyo akusangalala?"

A Wayisoni anakwera njinga yawo yakapalasa n'kumapita osacheuka. Koma funso lija linamutsatira Elube mpaka kunyumba. Masiku onsewa ankaganiza zoti Fanuwelo alipo. Zoti ali bwanji kumene aliko, anali asanaziganizepo.

M'mawa mwake ananyamuka 6 koloko isanakwane. Kunali chiperoni, nkhungu yoti sungaone mtengo uli patsogolo pako. Msewu wa ku ofesi umadutsa m'munda wa tiyi, ndipo atafika pakati anamva mapazi kumbuyo kwake. Sanali kuthamanga, sanali kumuyandikira. Ankangobwera mwa apo ndi apo, mwa munthu wotopa kwambiri, ndipo sankamveka mofanana. Phazi lina linkati gu, lina n'kuti phwa. Lina la jombo, lina lopanda kanthu. Elube anaima, mapaziwo sanaime. Anamudutsa chakumanzere, m'mizere ya tiyi, pafupi moti akanatambasula dzanja akanakhudza chimene chinalipo, n'kulowera njira ya ku nazale. Sanatembenuze mutu. Anaona chikasu pang'ono pakona ya diso, basi.

Anafika m'kachipinda kaja n'kukhala, mndandanda uli patsogolo pake. Itangopitirira 6 koloko, seva inayamba kulira mokweza ngati mmene imachitira munthu akalowa. Mawu oti wangodula anasintha, n'kukhala oti ali m'kati. Elube anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kwinakwake m'chipindamo madzi ankadontha, tho, tho, tho, koma pansi panali pouma. Zinatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Kenako mawu aja anabwerera, wangodula, kudontha kuja n'kuleka.

Apo m'pamene analemba dzina la mwamuna wake ndi pasiwedi, n'kulowa.

Zonse zinali mmene anazisiyira Lachiwiri lija. Buku la mvula linali chitsegukire. Koma silinathere pa Lachiwiri ayi. Pansi pake panali mizere ina makumi anayi ndi itatu, tsiku lililonse mzere wake, mamilimita ake olembedwa bwinobwino, osadumpha ngakhale masiku oyamba aja amene mndandanda unkati sanakhudze kanthu, ngakhale tsiku limene magetsi anazima. Elube anayamba kuwerenga ndemanga kuchokera pamwamba.

Masiku oyamba zinali za masiku onse. "Yamphamvu." "Yowaza." "Kwacha bwino." Kenako zinayamba kusintha. "Kukuzizira." Mawa lake, "Kukuzizira kwambiri." Pena, "Njira ya kunyumba sindikuiona." Pena, "Jombo ina yasowa." Kutsika m'munsi mawu ankafupika. "Ndatopa." "Ndatopa." Ndipo mizere isanu ndi inayi yomaliza, mpaka wa m'mawa womwewo, inali ndi mawu amodzimodzi:

"Mayi, ndiweruke?"

Elube anawerenga kasanu ndi kanayi konse, mzere ndi mzere. Munthu uja sanatulukepo yekha chiyambire. Zaka zonsezi womutulutsa anali mmodzi, ndipo ankamudikira yemweyo.

Elube anadina posungira buku, kuti mawuwo asatayike. Seva inakana. Anayesanso, inakananso. Anatulutsa foni n'kujambula, koma pa chithunzipo buku linathera pa Lachiwiri, m'munsi monse muli mbee. Anayesa kusindikiza, pepala linatuluka loyera. Apo anazindikira kuti mawu amenewo analibe kwina kokhala koma pa mpando womwewo. Akamutulutsa, apita onse, ndipo sipadzakhalanso mzere wina.

Musamuweruze msanga mayi ameneyu. Taganizani inuyo. Akanangodina kamtanda kaja n'kudula, mawa 6 koloko kukanabwera mzere wina, mkuja wina, chaka chino ndi chamawa, mawu ochokera kwa mwamuna wake m'mawa uliwonse mpaka iye atakalamba. Ndi akazi angati amasiye amene anapatsidwapo mwayi wotere? Ankaufuna. Ankaufuna ndi mtima wake wonse, ndipo kamuvi anakafikitsa pa kamtanda paja n'kukasiya pomwepo nthawi yaitali. Koma maso ake ankangobwerera pa mawu aja oti kukuzizira. Fanuwelo anali munthu woopa chisanu, woti mwezi wa Juni ankagona ndi masokosi. Masiku makumi anayi ndi atatu anali akudzuka m'matope kukayeza mvula ndi phazi limodzi lopanda nsapato, chifukwa choti mkazi wake ankafuna woti azidya naye chakudya chamasana.

Anachotsa kamuvi paja. Anatsika pa mzere wa mawa, wopanda kanthu, n'kupita pa malo a ndemanga. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, moti analemba ndi chala chimodzi ngati wophunzira kumene.

"Werukani, bambo. Mwagwira ntchito."

Anadikira pang'ono, kaya ankadikira chiyani. Palibe chinalembedwa. Ndiye anapita pa mawu otulukira, n'kudina. Seva inafunsa mwa chizolowezi chake ngati akutsimikiza, poti zimene sizinasungidwe zitayika. Anavomera. Buku la mvula linatsekeka, chithunzi chinachita mdima, ndipo patapita kamphindi mndandanda unabwerera uli mbee, mipando yonse iwiri ili yopanda munthu. Kulira kwa seva kunatsika. Fungo la matope lija analifunafuna ndi mphuno, koma munkangomveka sopo wokolopera.

Anatuluka panja. Nkhungu inali ikadalipo, ndipo kumunsi amayi othyola tiyi anali atayamba kuitanizana. Anatulutsa foni n'kuimba. Inaitana kawiri.

"Alamu?" anayankha a Wayisoni, mawu ali odabwa.

Elube anafinya foni kukhutu. Dzanzi lija linali likuchoka, ndipo amene anakhalirapo mwendo akudziwa kuti kuwawa kumabwera pamene dzanzi likutha. Kunayambira pamimba, n'kukwera pachifuwa. Anakhala pansi pa udzu wonyowa, pakhomo pa ofesi pomwepo.

"Alamu, muli pomwepo? Chachitika n'chiyani?"

"Alamu," anatero Elube, "a Fanuwelo amwalira."

A Wayisoni anapuma mozama, n'kuyankha monga amayankhira munthu wolandira uthenga wa maliro.

"Tamva, alamu."

Sanadule foni. Elube anawamva akuyenda, akutsegula chitseko, akulankhula motsitsa ndi munthu wina m'nyumba. Kenako kutali, m'kati mwa foni, mawu a mayi wokalamba anakwera, akuitana mwana wake ndi dzina la paubwana. Elube anagwira foniyo ndi manja awiri, n'kuyamba kulira nawo.